Malonda ali ngati chinangwa chowawa

Azakhali anga a ku Nkhotakota anali ndi diramu lakuda kuseri kwa khitchini, ndipo ana tonse tinkadziwa kuti pamenepo siposewerera. Ndimo ankaviikamo chinangwa. Chaka china ndinapitako kutchuthi, ine mwana wa kumtunda wozolowera nsima ya chimanga, ndipo ndinapeza chinangwa chosendasenda chili m'dengu, choyera mbee, chikudikira kulowa m'diramu. Ndinatolapo chimodzi n'kuluma. Sindinameze. Kuwawa kwake kunandigwira lilime mpaka kukhosi, ndinalavula malovu kangapo konse. Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anati, "Mwanawe, ameneyo ndi Gomani. Sadyedwa asanagone m'madzi. Ukamuthamangira, akugwetsa."

Mawu amenewa amandibwerera ndikamva anthu akukangana ngati munthu angathe kuchita geni n'kukhalabe Mkhristu weniweni. Mkanganowu umamveka pa doko, umamveka pamsika wa pa boma, umamvekanso pansi pa mtengo anthu akaweruka ku mapemphero. Ena amati malonda ndi uve, ndipo wofuna kumwamba asawayandikire. Ena amati, "Geni ndi geni, tchalitchi ndi tchalitchi, osazisakaniza, ukachita chilungamo pamsika ugona ndi njala." Enanso amaona ngati nkhani yatha akalemba vesi pa boti kapena kupatsa golosale dzina la m'Baibulo. Ndikawamvetsera onsewa, ndimaona ngati sanakhalepo pansi n'kuyang'ana mmene kondowole, nsima ya chinangwa, amapangidwira.

Tiyambe ndi chinangwacho. Chilipo chozizira, monga Manyokola, amene ena amati Mbundumali, chomwe mwana amatha kutafuna chachiwisi. Koma minda yambiri ya m'mbali mwa nyanja ndi ya chowawa. Alimi amachikonda pa zifukwa zomveka: chimabereka, chimapirira pa dothi lamchenga, chimadikira m'nthaka mpaka mwini atachifuna, ndipo anyani, nguluwe ndi akuba sachilimbira mtima kwenikweni. Kuwawako ndi chizindikiro cha poizoni amene akatswiri amamutcha cyanide. Ali mu mtsitsi womwewo umene muli chakudya. Simungaloze kuti mbali iyi ndi nsima, mbali iyo ndi poizoni. Komabe palibe munthu wanzeru amene anganene kuti tizule Gomani yense. Tingadye chiyani?

Malonda nawo ndi otero. Amadyetsa mudzi. Popanda mayi wonyamula usipa kuchokera ku doko kupita nawo ku Kasungu kapena ku Lilongwe, msodzi sangaone ndalama ndipo wa kumtunda sangaone ndiwo. Baibulo lenilenilo ladzaza ndi anthu a geni. Petro ndi Andreya anali asodzi. Zebedayo, bambo wa Yakobo ndi Yohane, anali ndi ngalawa komanso antchito olembedwa. Kuno tikanati mwini chilimira. Lidiya wa ku Filipi ankagulitsa nsalu zamtengo wapatali, ndipo mpingo unkasonkhana m'nyumba mwake. Paulo ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Palibe mmodzi wa iwo amene anauzidwa kuti ntchito yakeyo ndi tchimo.

Nanga poizoni wa malonda ali pati? Ali pamene pali phindu pomwepo. Wogulitsa amadziwa zimene wogula sakudziwa: kuti nsombazo zagona, kuti mpungawo wasakanizidwa, kuti sikeloyo imanama. Wogula naye nthawi zina amadziwa zimene wogulitsa sangazithawe: kuti mwana wake ali kuchipatala, ndiye alandira mtengo uliwonse. Pa malonda aliwonse pamakhala kampata kotero, pamene phindu langa lingakule chifukwa cha umbuli kapena mavuto a mnzanga. Kampata kameneka sikabwera ndi anthu oipa okha ayi. Kali mu mtsitsi.

Apa ndi pamene ambiri timasokonezera. Timatenga chikhulupiriro ngati ndiwo, pamene ntchito yake ndi ya madzi oviikira. Tayerekezani mayi amene wavuula chinangwa chitangogona usiku umodzi, wasinja, waphika kondowole, n'kuikapo kampango wonona wothira tomato ndi anyezi. Ndiwo zakoma ndithu, koma odya adzadzuka ndi chizungulire ndi kusanza. Kampango sachotsa poizoni. Pemphero lotsegulira shopu m'mawa ndi labwino. Chakhumi ndi chabwino. Kuthandiza kugula malata a tchalitchi n'kwabwino. Koma zonsezi ndi ndiwo, zimabwera pambali nsima itaphikidwa kale. Ngati ndalamayo inapangidwa ndi chigoba chonama, envulopu ya Lamulungu siyiyeretsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu a ku Nkhotakota safunika kupita kutali kuti aone kumene malonda osaviika amafikitsa. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kumeneko, ndipo malowa anasanduka doko lalikulu la malonda. Zombo zake zinkabweretsa nsalu ndi mikanda. Ulimi wa mpunga umene timanyadira lero, faya wonunkhira uja, unakula m'nthawi imeneyo. Koma zombo zomwezo zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa, ulendo wa ku Kilwa. Chakudya ndi poizoni mu mtsitsi umodzi. Ndipo tisathamangire kuloza chala chipembedzo cha eni zombozo, chifukwa Azungu obatizidwa anagula ndi kugulitsa anthu kwa zaka mazanamazana, ena akupita kutchalitchi sabata iliyonse.

David Livingstone, amene anakumana ndi Jumbe pansi pa mkuyu umene alendo amaonetsedwa mpaka lero, ankakhulupirira kuti malonda oipawo adzathetsedwa ndi Chikhristu choyenda pamodzi ndi malonda abwino. Analankhula zimenezi ku Cambridge mu 1857, ndipo chimodzi mwa zipatso zake ndi mishoni ya UMCA imene inafika ku Nkhotakota mu 1894.  Chipatso china chinali kampani imene anthu opemphera a ku Glasgow anayambitsa mu 1878, imene inadzatchedwa African Lakes, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Makolo athu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a John. Cholinga chake chinali chomveka: kuthandiza mamishoni ndi kubweretsa malonda osagulitsa munthu. Koma ku Karonga kampaniyo inkagula minyanga kwa amalonda omwe aja ochita ukapolo, pofika 1887 inali pa nkhondo ndi Mlozi, mmodzi wa amalondawo, ndipo inadzitengeranso malo aakulu a eni dziko. Sindikunena kuti inalibe chabwino. Ndikungoti cholinga chabwino chili ngati kukumba chinangwa ndi mtima wodyetsa ana: kukumbako sikuviika. Ntchito yochotsa kuwawa imakhala ikudikirabe.

Tsono ntchitoyo imayenda bwanji? Tiyeni titsate manja a azakhali.

Choyamba n'kusenda. Khungu ndi limene limaoneka, ndipo poizoni wambiri amakhala mmenemo. M'malonda, makoko ndi chinyengo chimene ngakhale mwana angachitchule dzina. Pitani pa doko m'bandakucha maboti a kauni akamakocheza. Nyali zikuzimitsidwa, anyamata akukoka boti ndi mapazi ozizira, amayi aima m'madzi ofika m'mawondo ndi mabeseni awo, aliyense akukuwa mtengo wake. Usipa ukuyezedwa ndi chigoba. Ndinaonapo wogula wina ali ndi zigoba ziwiri zofanana mtundu. Pogula kwa asodzi ankatulutsa chimene anachifutukula ndi madzi otentha, n'kumadzaza mpaka mulu pamwamba. Masana, pogulitsa, ankatulutsa chinzake choponderezedwa kunsi, n'kumasalaza ndi dzanja. Pomaliza ankaponyapo tinsomba tiwiri n'kunena mokoma kuti, "Banyira iyo, amayi, mubwerenso." Pakhosi anali atavala mtanda.

Mneneri Amosi anawadziwa anthu otere kalekale. Anadzudzula amalonda amene ankangoyang'ana dzuwa kuti Sabata lithe msanga, akachepetse muyeso, akakweze mtengo, akagulitse ndi mankhusu omwe. Onani kuti amenewo Sabata ankasunga ndithu. Vuto lawo silinali kujomba ku mapemphero. Buku la Miyambo nalo limaika sikelo yonyenga m'gulu la zinthu zonyansa pamaso pa Mulungu. Makoko athu lero ndi omwewo: kusakaniza faya ndi mpunga wamba n'kumatchula mtengo wa faya, kuika chambo chachikulu pamwamba pa mulu tating'ono tili pansi, kuwaza madzi nsomba zadzulo kuti zioneke zalero, kukankha sikelo ndi chala. Izi sizifuna maphunziro a zaumulungu. Zimafuna mpeni basi. Ndipo pa Nkhotakota, pamene Mkhristu amagulitsa moyandikana ndi Msilamu amene chipembedzo chake chimaletsanso muyeso wonyenga, chigoba chimalalikira mokweza kuposa pakamwa.

Koma chinangwa chosenda, choyera mbee chija, n'chimene chinandiwawa ine. Kusenda kokha sikukwanira. Pamafunika kuviika, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Madzi amalowa pang'onopang'ono mpaka pakati pa mtsitsi, n'kuufewetsa, poizoni n'kumatuluka. Zimatenga masiku atatu kapena anayi, ndipo m'nyengo ya mwera, madzi akazizira, zimaposa pamenepo. Palibe chidule.

M'malonda, kuviika kumakhudza zinthu zimene palibe angakugwire nazo, zimene mwina ngakhale lamulo silikufunsa. Mwini chilimira akamagawa ndalama za usiku, alovi, antchito ake a pa boti, sadziwa kuti mafuta a injini anagulidwa zingati. Iye yekha ndiye akudziwa. Kodi achotsa zenizeni, kapena awonjezerapo? Malamulo a Mose amati malipiro a waganyu asagone m'thumba la bwana mpaka m'mawa, ndipo kalata ya Yakobo imati malipiro obisidwa amalira mpaka kumwamba kumamva. Nanga mtsikana wogulitsa m'golosale amene wakhala miyezi iwiri akuuzidwa kuti "geni sikuyenda", pamene abwana agula foni yatsopano? Nanga uja amene amayenda m'midzi mwezi wa February, nkhokwe zitauma, n'kumabwereketsa ndalama yochepa kuti pokolola adzatenge thumba lathunthu la mpunga? Mlimi wavomera yekha, inde, koma wavomera ndi njala. Dzina lake ndi katapila, ngakhale wobwereketsayo atakhala mkulu wa mpingo.

Kuviika kumafika ngakhale kwa anthu amene sanabadwe. Boma limatseka usodzi wa makoka m'miyezi ya November ndi December kuti chambo chiswane, ndipo ukonde wa udzudzu ndi woletsedwa panyanja chifukwa umakokolola ndi tiana tomwe. Wogula amene amalandira nsomba zoterezi usiku amati, "Sindinaphe ndine." Koma ndalama yake ndiyo imatumiza msodzi m'madzi. Amene amakhulupirira kuti nyanjayi inalengedwa ndipo ife ndife osunga chabe, sangadye mbewu ya zidzukulu zake n'kumayamika Mulungu chifukwa cha phindu.

Chiyeso chachikulu chimabwera nthawi ya njala. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, kunagwa chilala, ndipo anthu anayamba kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira chifukwa sakanatha kudikira. Anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anauma miyendo ndi matenda amene kumeneko anawatcha mantakassa, omwe madokotala amati konzo. Sanali anthu osadziwa kukonza chinangwa. Njala ndiyo inawafupikitsira masiku. Ifenso tinaona mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti: mpamba unasungunuka m'manja, mafuta anakwera, katundu wa dzulo sanathenso kuwombola wa lero. M'masiku otero ndi pamene munthu woongoka amayamba kudziuza kuti, "Kamodzi kokha, zinthu zikakhala bwino ndisiya." Kukweza mtengo chifukwa nawe wagula modula si tchimo. Koma kubisa shuga kuseri kuti asowe, kapena kuchepetsa muyeso mwakachetechete mtengo uli womwewo, kumeneko ndiko kuvuula chinangwa chisanafewe. Ndipo monga konzo, kulemala kwake sikuchoka njala ikatha. Dzanja likazolowera, lazolowera.

Pali choonadi china chimene alaliki ena sakonda kuchitchula. Chinangwa chikaviikidwa n'kuuma, chimachepa. Dengu limene linakulemera pochokera kumunda limatulutsa ufa wosafika ngakhale theka. Wochita malonda mwachilungamo nayenso nthawi zina amatsala. Wa zigoba ziwiri uja akhoza kumanga nyumba ya malata iwe usanamange. Ukakana kupereka kangachepe kuti katundu wako adutse msanga, nsomba zikhoza kuwonongeka uli pamzere. Amene amalonjeza kuti ukangokhala wokhulupirika ndalama zidzasefukira, akugulitsa nsomba zowaza madzi. Chimene ndinganene ndi ichi: zimene zatayika m'diramu ndi madzi ndi poizoni, ndipo chotsalacho ndicho chimasungika. Ufa wouma bwino umakhala miyezi. Chinangwa chachiwisi chimada m'masiku awiri kapena atatu. Kasitomala amene wapeza kuti chigoba chako n'choona amatuma mwana osabwera yekha, ndipo msodzi amakusungira nsomba ngakhale ulibe ndalama m'manja. Chuma chimenecho sichilembedwa m'kope, koma chimaposa mpamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chikavuulidwa, chinangwa chimafinyidwa n'kuyanikidwa padzuwa, pathandala kapena pamphasa, poyera pamene aliyense wodutsa akuona. Choyanika m'nyumba chimachita nkhungu, ufa wake umada n'kumanunkha. Ndalama nazo zimakonda dzuwa. Amayi a banki mkhonde anaizindikira nzeru imeneyi: bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona. Si kuti amaganizirana zoipa, koma amadziwa kuti mdima umayesa aliyense. Wa geni wopemphera akhale ndi kope limene sangachite nalo manyazi mkazi wake kapena mwamuna wake akalitsegula. Alovi aone lisiti la mafuta. Mnzako amene munaphatikiza naye mpamba adziwe zimene zalowa ndi zimene zatuluka asanafunse. Ngati pali tsamba limene umaliphimba ndi dzanja munthu akayandikira, pamenepo ndiye pali nkhungu.

Ufa ukasinjidwa n'kusefedwa, patsala kuphika, ndipo aliyense amene anagwirapo mthiko wa kondowole amadziwa kuti si masewera. Nsima yake ndi yonanda, imakoka mthiko. Azakhali ankaika poto pansi, kumupana ndi mapazi, n'kuvundula mpaka thukuta kuti kamukamu. Ufa woyera bwino m'manja mwa waulesi umatuluka ndi mabulu. Apa ndikunena abale athu amene amaganiza kuti pemphero lilowa m'malo mwa luso. Salemba zogula ndi zogulitsa, amadya mpamba pamodzi ndi phindu, amatsegula mochedwa, ndipo geni ikagwa amati awalodza kapena Satana walowapo. Enanso amagwa chifukwa cha manyazi. "Mbale mwa Ambuye" amatenga katundu pa ngongole, mwezi ndi mwezi, ndipo mwini golosale amaopa kukumbutsa poti amaimba kwaya imodzi. Chifundo n'chofunika, koma chikhale chodziwika dzina. Ngati ukupatsa wamasiye, mupatse ndithu n'kuiwala, pakuti kupatsa n'kuika. Ngati ukubwereketsa, lemba, ndipo wobwerekayo adziwe kuti kusabweza ndi kuba, kaya wabatizidwa kaya ayi. Golosale ikatsekedwa, wamasiye uja sadzapezanso pothandizidwa.

Fanizo lililonse lili ndi pothera, ndipo langali lithera pawiri. Chinangwa chimaviikidwa kamodzi n'kuthana nazo, koma mtima wa munthu umabwerera kuwawa. Amene anakana chinyengo Lolemba amakumana nacho china Lachinayi, chitavala malaya ena. N'chifukwa chake mapemphero a tsiku la Mulungu ali ndi ntchito, osati monga chiphaso choonetsa anthu, koma monga kubwerera m'diramu. Kwinaku, chinangwa sichingabweze chizungulire chimene chadwalitsa nacho munthu, pamene munthu angathe. Zakeyu wa ku Yeriko, mkulu wa okhometsa msonkho, atakumana ndi Yesu sanathere pa kulira ndi kulapa. Analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda. Kutembenuka kwake kunawerengeka ndi manambala. Wa zigoba ziwiri akatembenuka, chigoba chimodzi chiyenera kuponyedwa pamoto, ndipo asodzi amene anawadyera ayenera kumva kusinthako m'matumba mwawo.

Azakhali aja ankagulitsako ufa wina pamsika. Sindinawamvepo akuitanira kuti wawo ndi woviika bwino, ndipo ufa ukakhala m'beseni sungausiyanitse ndi wa wina pongouona. Koma pa tsiku lachitatu ankapinda chitenje, kupisa dzanja m'diramu, kutulutsa mtsitsi umodzi n'kuukanikiza ndi chala chachikulu. Ukalimba pakati, ankaubwezera m'madzi, ngakhale m'nyumba mulibe ndalama ya sopo. Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji osangovuula wogulitsawo, poti ogulawo sadziwa. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo.

"Diramu ndi limodzi, mwanawe," anatero. "Ufa umene ndikugulitsawu ndi womwewo udye iwe madzulo ano."